Misonkhano isamayambe mamembala asanakwane

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandaule za chizolowezi chomwe ndachiona muno mu Mzuzu, choyamba msonkhano waukulu wa pachaka mamembala asanafike pa chiwerengero chomwe malamulo a bungwe amafuna.

Mwezi wathawu, tsiku la msonkhano wa SACCO yathu, bungwe lomwe mamembala timasungako ndi kubwerekako ndalama, mvula inayamba m'mamawa ndipo mipando yambiri m'holo inali yopanda anthu. Ngakhale malamulo athu amanena momveka kuti pafunika theka la mamembala, a wapampando anapitiriza ndithu, buku losainamo maina lili chitsekere patebulo, ndipo chiwongoladzanja cha ngongole chinakwezedwa ndi anthu ochepawo. Amayi ogulitsa usipa ndi nthochi ku Zigwagwa, omwe ndalama zawo ndizo zikuyendetsa bungweli, anangomva mawa lake, ndipo izi zinandipweteka kwambiri.

Chiwerengerochi chinaikidwa kuti anthu ochepa asamagamule za chuma cha ambiri. Chikapanda kukwana, mlembi awerenge omwe afika, alembe zimenezo m'buku la zokambirana, msonkhano uimitsidwe, ndipo mamembala onse aitanidwenso powapatsa masiku okwanira.

Ndikupempha a Reserve Bank, omwe amayang'anira ma SACCO potsatira lamulo la 2011, kuti aziunikanso mabuku osainamo amenewa.

Membala wokhudzidwa,
Luwinga, Mzuzu