Lipoti la msonkhano wa aphunzitsi a Chifalansa: nkhani ya le ndi la

A Wapampando ndi aphunzitsi anzanga,

Ndabwerako ku Blantyre komwe munandituma, ndipo malisiti a thiransipoti ndi malo ogona ndawapereka kwa msungichuma. Tsiku loyamba linatha ndi malonje komanso kalembedwe ka masikimu, zomwe tonse timazidziwa kale.

Chimene ndinapitira chinabwera tsiku lachiwiri. Mayi wina wophunzitsa ku yunivesite analemba pa bolodi kuti "mwana wabwino, chimanga chabwino, nyumba yabwino", n'kutifunsa ngati alipo mwana amene amadabwa kuti chimanga chili m'gulu la Chi-Zi. Tonse zii. Nanga n'chifukwa chiyani timawauza ana a Fomu 1 kuti la table (tebulo) ndi mkazi, le mur (khoma) ndi mwamuna? Zinandikhudza, chifukwa ineyo ndakhala ndikuwauza zimenezo, iwo n'kumaseka, mawa lake n'kulemba "le table". Ana athu mgwirizano wa dzina ndi mfotokozi anayamwira. Chifalansa chili ndi magulu awiri okha a mayina: achimuna (le) ndi achikazi (la). Chilatini, komwe chinachokera, chinali ndi atatu, ndipo mayina ambiri a gulu lachitatulo analowa kwa achimuna.

Anationetsanso kuti mathero a mawu amathandiza. Othera ndi -tion, monga la nation, ndi achikazi. Othera ndi -age, monga le village ndi le fromage, ndi achimuna, kupatula ochepa ngati la page, la plage, la cage ndi une image. Kenaka anakoleka mapu. Maiko ambiri othera ndi -e ndi achikazi, la Zambie, la Tanzanie, koma anansi athu ena anakana lamuloli: le Mozambique, le Zimbabwe. Ndinaona m'maso mwanga ana athu akukanganirana pa mapu amenewa. Panalinso mawu osintha tanthauzo: le livre ndi buku, la livre ndi ndalama ya ku Britain.

Msonkhano unamanga mfundo yoti dzina lililonse latsopano tizililemba ndi un (achimuna) kapena une (achikazi), chifukwa l', chidule cha le kapena la, amabisa gulu la dzinalo: l'école ndi l'arbre amaoneka ofanana, pomwe ndi une école ndi un arbre. Ndinaikwezera dzanja. Koma mwana akakayikira dzina adzayang'ana kuti? Kusukulu kwathu madikishonale awiri omwe tili nawo amakhala otsekeredwa, kiyi ali m'thumba la munthu mmodzi, ndipo Chifalansa anachikankhira ku mapiriyodi omaliza, ana ali ndi njala. Ndinadandaula chaka chatha pamsonkhano wathu womwe uno, mpaka lero yankho kulibe.

Mfundo yachiwiri sinandikomere. Poti mu 2019 Académie française, bungwe loyang'anira Chifalansa ku France, inavomereza mayina achikazi a ntchito, anati tiyambe kuphunzitsa mawu monga autrice (mlembi wamkazi) ndi professeure (mphunzitsi wamkazi). Mawuwo ndilibe nawo mlandu, koma mabuku akale amene ana athu amawerenga amati le professeur ngakhale ali mayi. Ndinapempha kuti tiyambe tamva kwa ochonga mayeso a MSCE, koma manja anatiposa. A Wapampando, nkhani imeneyi ndi ya makiyi ija ndikupempha kuti zilowe pa mndandanda wa zokambirana Loweruka likubwerali.