Anyamata atatu a nyimbo ya sauna

Mnzanga wapamtima,

Kalata yako ndailandira. Ndinaseka ndekha nditafika paja ukufunsa ngati kuzizira kwa kuno kwandizunguza mutu, poti mwezi wonse ndangokhalira kukutumizira mavidiyo a anyamata atatu oimba za kusamba. Mutu uli bwinobwino, aise. Ndikulongosolere.

Kuno ku Sweden, kusankha woimba wokaimira dziko ku Eurovision, mpikisano waukulu wa nyimbo wa maiko a ku Ulaya, si nkhani yamasewera. Wailesi ya kanema ya SVT imachititsa mpikisano wakewake wotchedwa Melodifestivalen, womwe kawirikawiri umayamba mu Febuluwale n'kutha mu Malichi. Loweruka lililonse madzulo, kwa masabata 6, oimba amakakumana mu mzinda wina, anthu ali pamipando kunyumba, foni m'manja, kuvota. Mu 2025 nyimbo zinalipo 30, ndipo zofika kumapeto zinali 12.

Anthu a kuno amayenda mutu uli m'mwamba pa nkhaniyi, ndipo sungawatsutse. Gulu la ABBA linapambana Eurovision ku Brighton mu 1974, Loreen anapambana kawiri, mu 2012 ndi 2023, ndipo zikho zawo zonse zilipo 7, chimodzimodzi ndi Ireland. Kaphikidwe kake anakaloweza: nyimbo ya Chingerezi, yosalala, yopanda potulukira cholakwa, woimba wooneka bwino, magetsi ali ng'aning'ani. N'chifukwa chake aliyense ankati ulendo uno ndi wa Måns Zelmerlöw, yemwe anabweretsa chikho kuchokera ku Vienna mu 2015. Nanenso ndinkatero.

Kenako kunatulukira gulu la KAJ. Anyamatawa ndi anthabwala, ndipo si a kuno n'komwe. Kwawo ndi ku Vörå, m'dziko la Finland, dera lomwe anthu ake amalankhula Chiswidishi chawochawo, chakumudzi, choti wa ku Stockholm amachita kutchera khutu kuti amve. Nyimbo yawo ndi yotamanda sauna basi, kachipinda kamatabwa kaja komwe anthu amakhalamo n'kumathira madzi pa miyala yamoto mpaka thukuta kamukamu. Tsiku loyamba ndinaiona ngati yachibwana. Pofika Lachitatu ndinkaiimba ndikutsuka mbale, mawu ake osawamvetsa n'komwe.

Usiku womaliza wa Melodifestivalen, pa 8 Malichi, oweruza ochokera m'maiko ena anaika Måns patsogolo pang'ono, mapointi 76 kwa 74. Mavoti a anthu wamba atalowa, zinthu zinatembenuka: KAJ 164, Måns 157. Ndinakuwa mpaka ndinachita manyazi ndi oyandikana nawo nyumba. Aka kanali koyamba chichokere 1998 kuti Sweden itumize nyimbo ya m'chinenero chake, ndipo obweretsa chinenerocho anali alendo!

Mnzanga wina wa kuntchito sizinamukomere. Ankati dziko lataya chikho cha nambala 8 chifukwa cha nthabwala, komanso latuma ana a eni. Ndinamukumbutsa kuti Céline Dion, mwana wa ku Canada, anapambanira Switzerland mu 1988, ndiye za chiphaso cha unzika asazitchule. Mwa zina, malamulo amafuna kuti nyimbo isapitirire mphindi 3, pa siteji pasakhale anthu oposa 6, ndipo dziko lisadzivotere lokha.

Ku Basel, komwe kunachitikira Eurovision, pa 17 Meyi, anyamata aja anathera pa nambala 4, chikho n'kupita kwa JJ wa ku Austria. Lolemba mnzanga uja anandiyang'ana ndi diso loti "sindinanene?" Mwina Måns akanapambana, ndani akudziwa. Ine voti yanga sindikuidandaula. Nyimbo zosalala zija ndimaziiwala kusanache, koma iyi ana a m'nyumba yoyandikana nafe akuiimbabe pamasitepe, ndipo tsiku lina ndinamugwira mnzanga yemwe uja akuiimbira kamluzu podikira khofi.

Ndiye usafufute mavidiyo aja. Uonere kawiri, kachitatu, kenako undilembere ngati sikukukakamira m'mutu. Undiperekere moni kwa alamu ndi ana onse.

Ndine mnzako,
wa ku chisanu kuno