Khutu la Mdzukulu Wanga

Wokondedwa mwana wanga,

Kuno tadzuka bwino, mvula ikugwa ndipo chimanga chayamba kumasula. Koma zimene unandiuza pa foni zandisowetsa tulo, zoti mwana akulira khutu chichokereni kuno, ndipo dzulo phala limachucha mbali imodzi ya pakamwa.

Zoterezi ndinaziona kwa malume ako ali mnyamata, akuweta ng'ombe za agogo ako. Anangodzuka pakamwa patakhotera kumanja, diso lamanzere likukana kutsinzina, misozi ili chuchuchu. Akati amwe madzi, onse pachifuwa. Mudzi wonse unati walodzedwa, ndipo tinataya sabata yathunthu tikusinja zitsamba. Titapita kuchipatala, adokotala anangounika m'khutumo ndi kanyali n'kupeza nkhupakupa itakakamira mkatikati, yokhuta magazi, kukula ngati nyemba.

Anatiuza kuti mtsempha woyendetsa nkhope umadutsa m'fupa la khutu, ndiye poizoni wa m'malovu a nkhupakupa, pamodzi ndi kutupa kwa pamene yaluma, zimaufooketsa. Ataichotsa, nkhope inabwerera pang'onopang'ono, ndipo patatha milungu ingapo anayambanso kuimba likhweru.

Nthawi yonse ya holide mwanayu sankachoka kukhola, masana n'kumagona pamphasa ndi galu, chonsecho dzinja lino nkhupakupa zili mbwee. Mwina si yomweyo, koma pita naye kuchipatala lero lomwe, ukawapemphe amuunike m'khutu. Zikawakanika, akupatse kalata yokaonana ndi madokotala a makutu ku Queens, poti muli pafupi.

Chonde, usatokosemo ndi kamtengo ka machesi kapena nthenga, usathiremo parafini. Nkhupakupayo ukaikoka wekha ikhoza kuduka, mutu wake n'kutsalira m'mnofu, pamenepo n'kuyamba mafinya. Ndikudziwa apongozi ako ali ndi mankhwala awo, ndipo amachitira chikondi. Uwayankhe mwaulemu, koma mwanayo unyamule.

Diso la mbali yofookayo ulisamale kwambiri, chifukwa likamagona lotsegula limauma n'kuchita zilonda. Ukafunse mankhwala odonthezera, akuonetsenso kaphimbidwe kake ka usiku. Ukaona miyendo ikufooka, kapena akuvutika kumeza ngakhale kupuma, usadikire kuti kuche.

Ukamamusambitsa, umufufuze m'tsitsi, kuseri kwa makutu ndi m'khwapa. Bambo ako apopera ng'ombe mankhwala dzulo, galunso tamusambitsa. Ndakutumizira ndalama ya minibasi pa foni. Undiimbire mukangotuluka mwa adokotala.

Ndine,
Mayi ako