Chindapusa chakale cha liwiro chisatsekere dalaivala ntchito ya thiraki

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani imene ikusowetsa mtendere anyamata ambiri kuno ku Thyolo ndi ku Mulanje, amene anavutikira laisensi ya galimoto zikuluzikulu koma ntchito akungoyionera patali. Pa fomu kapena pa intavyu ya ntchito ya thiraki pamabwera funso lakuti: kodi munalipitsidwapo chindapusa chifukwa chothamangitsa galimoto? Ena akangoyankha zoona, nkhani imathera pomwepo. Safunsidwanso kuti zinachitika liti, ankayendetsa chiyani, kapena kuti chichitikireni zimenezo akhala akuyenda bwanji pamsewu.

Ine ndayendetsa mathiraki mpaka kupuma ntchito, ndipo liwiro sindingaliikire kumbuyo. Aliyense amene anatsikapo zitunda za ku Thyolo ndi katundu wodzadza, chiperoni chitakuta msewu, amadziwa kuti thiraki siima pamene mwini wake wafunira. Liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woti galimoto iime mutaponda mabuleki umawirikiza kanayi. Ndiye taganizirani msewu wa M2 wochokera ku Limbe kukafika ku Muloza, momwe umadutsira pakati penipeni pa anthu: pa Bvumbwe amayi ayala masamba ndi mbatata m'mbali mwa phula, pa Luchenza ndi pa Chitakale njinga za kabaza zikungodumphira mumsewu, pa Limbuli tsiku lamsika malo opondapo osaoneka. Mwini thiraki ali ndi chifukwa chomveka choopera dalaivala wa phazi lolemera. Galimotoyo ndi ya ndalama zankhaninkhani, tiyi kapena feteleza amene wanyamula ndi wa eni ake, ndipo ngozi zikachuluka a inshuwalansi nawo amakweza mtengo. Kufunsako n'koyenera.

Chimene ndikukana ndi kuweruza anthu onse ndi muyeso umodzi. Munthu amene anagwidwa kamodzi zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi zapitazo, nalipira, nalandira lisiti, n'kukhala osagwidwanso, sangafanane ndi amene wagwidwa katatu chaka chino chokha. Komanso chindapusa cholipira chifukwa chopyola liwiro pang'ono n'chosiyana kwambiri ndi mlandu wogamulidwa kukhoti, monga kuyendetsa galimoto utaledzera kapena kupha munthu chifukwa choyendetsa mosasamala. Zoterezi bwana ayenera kuzitenga molemera ndithu, ngakhale zitakhala zakale.

Tisaiwalenso kumene anyamatawa amachokera. Ambiri amayambira pa minibasi za Limbe–Mulanje kapena pa timagalimoto tonyamula anthu. Kumeneko mwini galimoto amafuna ndalama yake yokwana madzulo aliwonse, mafuta akwere asakwere, ndipo mnzako akakupitirira ndiye kuti wakutengera anthu a pa siteji yakutsogolo. Sindikunena kuti zimenezi zimachotsa kulakwa. Koma mnyamata amene watuluka m'moyo umenewo, nasunga ndalama mpaka kukweza laisensi yake kufika pa C kapena EC, yomwe ndi ya galimoto zikuluzikulu, natenganso PrDP, chilolezo choyendetsa galimoto ngati ntchito, waonetsa kale kuti akufuna kuyendetsa mwa mtundu wina.

Pali chinthu china chimene chimandipweteka kwambiri, ndipo madalaivala tonse timachidziwa. Amene ali ndi lisiti ya chindapusa nthawi zambiri ndi amene anasankha njira yoongoka. Alipo anzawo amene amathamanga kuposa iwo, koma akaimitsidwa amapereka kangachepe, nkhani n'kuthera pambali pa msewu popanda cholembedwa chilichonse. Pa intavyu munthu wotereyu amayankha molimba mtima kuti sanagwidwepo, ndipo kiyi amapatsidwa iyeyo. Mwana wa mlongo wanga anabwezedwa pa kampani ina atanena yekha za chindapusa chimene analipira kalekale ali pa minibasi. Atabwera kunyumba anandifunsa kuti, "Amalume, ndiye kuti ndikananama?" Mabwana akapitiriza kutaya anthu motere, akuphunzitsa achinyamata kuti ziphuphu ndi bodza ndizo zimapezetsa ntchito, ndipo mathiraki awo omwewo ndi amene adzagwere m'manja mwa anthu oterowo.

Pempho langa kwa eni makampani, kuphatikizapo amene amanyamula tiyi m'maesiteti kupita naye ku Limbe ndi amene amapita ku Beira ndi ku Nacala, ndi lakuti aike malire a nthawi. Ayang'ane zaka zitatu zapitazi, mwachitsanzo, ndipo alembe zimenezo poyera pa chidziwitso cha ntchito kuti wofunsira adziwiretu pamene waima. Zotsalazo aziyese ndi maso awo. Mukwezeni munthuyo pa thiraki yodzadza, mutsike naye chitunda, muone ngati amagwiritsa ntchito magiya kapena amangodalira mabuleki mpaka kununkha. Imbirani foni amene anamulembapo ntchito. Mathiraki ambiri masiku ano ali ndi GPS yoonetsa liwiro limene dalaivala akuyenda, choncho miyezi yoyeserera ntchito ingakuuzeni zambiri kuposa lisiti yakale.

A nthambi ya Road Traffic nawo angathandize. Popeza zambiri za malaisensi athu zimasungidwa kale pa kompyuta mu MalTIS, bwanji dalaivala aliyense azitha kupempha chikalata chosindikizidwa choonetsa zolakwa zake, masiku ake, ndi ngati analipira? Chikalata chotere chingathetse zongoganizirana, ndipo amene wakhala zaka zambiri osalakwa angakhale ndi umboni wogwirika.

Kwa inu madalaivala anzanga, ngati pali chindapusa chimene simunalipire, kalipireni musanayambe kuponya makalata, chifukwa ngongole yotsala imaonetsa kuti nkhaniyo simunaitenge ngati kanthu. Lisiti zisungeni pamodzi ndi laisensi. Mukafunsidwa, nenani chaka, malo ndi galimoto imene munkayendetsa, kenaka fotokozani zimene mwachita kuyambira pamenepo. Ngati mungakwanitse, chitani maphunziro a kayendetsedwe kopewa ngozi, otchedwa defensive driving, ndipo setifiketi yake muiike pamwamba pa makalata anu. Bodza likadzatulukira mutalembedwa kale ntchito, mudzachotsedwa chifukwa cha bodzalo, ndipo madalaivala ndi mabwana a mathiraki amadziwana kuchokera ku Muloza mpaka ku Mwanza.

Dalaivala wopuma ntchito,
Luchenza, Thyolo