Kwa achimwene ku Chicago, za mwana wathu wozimitsa moto

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kuti inu, alamu ndi ana nonse muli bwino kumeneko. Kuno tilipo ndithu. Uthenga wanu wofunsa za mapiritsi a zomera amene mwana wathu wayamba kumwa chilowereni ntchito yozimitsa moto ndinaulandira, ndipo ndinaona kuti nkhani yokhudza moyo wa mwana njosayenera kuiyankha mothamanga pa foni.

Nkhawa yanu ndi yomveka. Mu 2022 bungwe la IARC, lomwe lili ku Lyon m'dziko la France ndipo ndi nthambi ya World Health Organization yofufuza za khansa, linaika ntchito yozimitsa moto m'gulu loyamba la zinthu zoyambitsa khansa, makamaka ya chikhodzodzo ndi ya mesothelioma, imene imagwira kachikopa kokuta mapapo mwa anthu amene anapuma fumbi la asibesitosi. Izi zisanachitike, bungwe la NIOSH, la boma la America loona za umoyo wa anthu pantchito, linali litafufuza kale ozimitsa moto pafupifupi 30,000 a ku San Francisco, Philadelphia ndi mumzinda wanu womwewo, n'kupeza kuti odwala khansa pakati pawo anali ochuluka ndi 9 peresenti, ndipo omwalira nayo ndi 14 peresenti, poyerekeza ndi anthu ena onse m'dzikomo. Nyumba ya masiku ano ikamapsa, mumapsa matiresi, mapulasitiki, penti ndi mawaya, ndipo utsi wake umakhala ndi benzene, formaldehyde ndi mankhwala otchedwa PAH. Poizoni ameneyu salowera m'mphuno mokha ayi. Mwaye umene umakanirira m'khosi ndi kunsi kwa chibwano, pamene khungu latentha ndipo thukuta lili kamukamu, umalowa m'thupi kudzera pakhungu pomwepo.

Tsono za zomerazo, sindikufuna kuzinyoza, chifukwa muli choonadi ndithu. Mu 1992 Paul Talalay ndi anzake a pa yunivesite ya Johns Hopkins anapeza kuti mu broccoli muli mankhwala otchedwa sulforaphane, amene amadzutsa mphamvu ya thupi yosintha poizoni kuti atuluke ndi mkodzo, ndipo pambuyo pake anaona kuti mphukira za broccoli za masiku atatu n'zimene zili ndi mphamvu yochuluka kwambiri. Ku Qidong m'dziko la China, komwe mpweya ndi woipa, anthu 291 analowa m'kafukufuku wa masabata 12 amene zotsatira zake zinatuluka mu 2014. Amene ankamwa chakumwa cha mphukirazi ankatulutsa benzene wochuluka ndi 61 peresenti kuposa anzawo. Zimenezi n'zolimbikitsa, koma muonetsetse chimene anayeza: anayeza poizoni wa mumkodzo, sanawerenge anthu amene anapulumuka ku khansa. Ogulitsa mapiritsi amakonda kulumpha kusiyana kumeneku.

Chimene chikundisowetsa mtendere kwenikweni ndi mbiri ya beta-carotene, mankhwala amene amapangitsa karoti kukhala wofiirira. Akatswiri ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti ateteza mapapo, popeza anthu odya masamba ambiri ankadwala khansa mocheperapo. Ku Finland anapatsa mapiritsi ake amuna osuta fodya m'kafukufuku wa anthu oposa 29,000, ndipo mu 1994 zinadziwika kuti khansa ya m'mapapo inachuluka ndi 18 peresenti mwa amene ankamwawo. Ku America komweko, kafukufuku wa CARET, momwe munali osuta fodya ndi anthu amene anagwirapo ntchito ndi asibesitosi, anamuimitsa nthawi isanakwane mu 1996 chifukwa khansayo inachuluka ndi 28 peresenti mwa omwa beta-carotene pamodzi ndi vitamini A. Achimwene, anthu amenewa anali ndi mapapo ovulazidwa ndi utsi komanso fumbi, monga momwe a wozimitsa moto angakhalire. Chonde mutenge botolo lililonse limene mwanayo ali nalo, muwerenge timalemba ting'onoting'ono ta kumbuyo, ndipo ngati muli beta-carotene wambiri asiye kaye mpaka ataonana ndi dokotala. Achenjerenso ndi makapusozi amphamvu a tiyi wobiriwira, amene avulazapo chiwindi cha anthu ena. Malinga ndi lamulo la 1994 la dziko lanulo, zinthu zoterezi zimagulitsidwa popanda bungwe la FDA, loyang'anira zakudya ndi mankhwala, kuziyesa kaye ngati zimagwiradi ntchito.

Mantha anga enanso ndi akuti mnyamata akameza piritsi m'mawa amadzimva wotetezeka, n'kuyamba kutayirira pa zinthu zimene zimathandizadi. Nthawi yoopsa ndi pamene malawi azima ndipo anthu akufukula zotsalira zimene zikufuka utsi, chifukwa ambiri amavula chopumira poganiza kuti ngozi yatha. Asavule. Pa kafukufuku amene anachitikira ku Illinois konko, kutsuka majekete ndi sopo, madzi ndi burashi pamalo pomwepo kunachotsa PAH pafupifupi 85 peresenti, ndipo kupukuta khosi ndi tinsalu tonyowa kunachotsa kuposa theka. Asambe msanga akangobwerera, ndipo zovala zantchito zisalowe m'galimoto imene mumakwera ana kapena m'chipinda chogona. Ndikudziwa kuti pakati pa ozimitsa moto chipewa chakuda bii ndi mwaye chakhala chinthu chonyadira, koma ulemu umenewo aulole umupite. Za mankhwala a PFAS a m'thovu lozimitsira moto, amene amakhala m'magazi zaka zambiri, chimene chinaoneka kuti chimawachepetsa pa kafukufuku wa ozimitsa moto 285 ku Australia mu 2022 chinali kupereka magazi kapena madzi a m'magazi pafupipafupi.

Masamba enieniwo adye mosaumira. Kabichi, repu, mpiru ndi chainizi zimene tinakulira n'za banja limodzi ndi broccoli, choncho alamu asamaone ngati ndiwo za kwathu n'zoperewera, bola asamazipsetse mpaka kulobodoka. Akapita kuchipatala azinena poyera ntchito imene amagwira, kuti dokotala adziwe zoyenera kuyeza, ndipo akadzaona magazi mumkodzo, ngakhale kamodzi kokha popanda ululu, asadikire.

Mundilembere mayina a mapiritsi onse amene ali nawo kuti tidzakambirane bwino. Mupereke moni kwa alamu ndi kwa mwana wathuyo.

Ndine wanu,
Mbale wanu wa ku Zomba