Ndani wakhoma misomali pa mkuyu wa ku Nkhotakota?

A Mkonzi,

Ndiloleni ndifunse funso limodzi kudzera m'nyuzipepala yanu. Munthu amene wakhoma chipepala chake pa mkuyu wa mbiri ku Nkhotakota, uja amati pansi pake Livingstone anakumana ndi Jumbe wogulitsa akapolo, ndi misomali 6 yaitali ngati yokhomera denga, nyundo anaibwereka kwa yani? Ndikufunsa za nyundo chifukwa ntchitoyi sinachitike mwangozi. Mkuluyu anakonzekera. Anadzuka m'mawa, kusamba, kunyamula zida zake, kudutsa mitengo yonse ya mango, mapolo onse a magetsi ndi makoma onse a magolosale a m'tauni imeneyi, n'kukasankha mtengo umene ana athu amaulemba pa mayeso.

Ine ndine mphunzitsi wopuma pa ntchito. Kwa zaka zambiri ndakhala ndikujambula mtengo umenewu pa bolodi ndi choko, kuukongoletsa nthambi, kuwauza ana a eni ake kuti ndi malo olemekezeka. Pa tchuthi chapitachi ndinati zidzukulu zanga ziwiri zikaone ndi maso zimene agogo awo akhala akulalikira. Titafika, wamkuluyo, amene ali mu Sitandade 7, anathamangira ku tsinde ataona pepala, poganiza kuti mbiri yalembedwa pamenepo. Anayamba kuwerenga mokweza, mawu onse kuwatchula bwinobwino monga ndinamuphunzitsira: dokotala wa zitsamba wafika, kubweza mkazi wothawa, kukwezedwa pa ntchito, kuwina milandu, mphamvu za abambo. Ndinamutseka pakamwa ndi chipewa changa. Wamng'onoyo mpaka lero akundifunsabe ngati Livingstone nayenso mkazi wake anamuthawa.

Mwina mukuseka, a Mkonzi. Ine sindinaseke. Ndinawerenga misomaliyo: inayi m'makona, iwiri pakati, kuopa kuti mwera wa panyanja ungauluze uthenga wofunika chonchi. Aliyense amene anakulira pafupi ndi mkuyu akudziwa kuti ukaubaya umatuluka utomoni woyera ngati mkaka. Utomoniwo unali utayenderera pansi pa pepalalo n'kuuma. Nditayang'anitsitsa khungwa ndinapezanso misomali ina yakale, yadzimbiri, ya anthu amene anatsogola kale ndi malonda awo. Bala la mtengo ndi khomo la kuwola ndi tizilombo. Mtengo umene unapirira Jumbe, unapirira atsamunda, unapirira chilala ndi mphepo za zaka zoposa 160, ukuphedwa pang'onopang'ono ndi munthu wobweza akazi othawa. Ngati mankhwala ake ndi amphamvu chotero, bwanji osangoitana makasitomala ake ndi mankhwalawo, mtengo n'kuusiya?

Chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti pamthunzipo panali anthu. Anyamata a kabaza atatsamiritsa njinga zawo, amayi akupuma ndi madengu, bambo wina akugona chagada. Nditafunsa kuti wakhoma ndani, onse anandiyang'ana ngati ndafunsa amene analenga nyanja. Mnyamata wina anati, "Madala, ndi mtengo basi." Nditamufunsa ngati akudziwa chimene chinachitika pamalopo, anati anamva kuti mzungu wina anagonapo. Sindikumuda mwanayu. Anamuuza ndani?

Dziko lino lili ndi lamulo loteteza malo ndi zinthu zakale, Monuments and Relics Act, la chaka cha 1990. Si lamulo lokongoletsera mashelefu. Ndipo kuyambira 2011, njira zimene ankadutsa akapolo pamodzi ndi njira ya Livingstone, zimene Nkhotakota ili pakati pake, zili pa mndandanda wa malo amene Malawi akufuna kuti UNESCO idzawavomereze kukhala chuma cha dziko lonse lapansi, monga inachitira ndi Lake Malawi National Park mu 1984 ndi zojambula za pamiyala za ku Chongoni mu 2006. Tsono tsiku limene akatswiri a UNESCO adzabwere kudzayendera, tidzawaonetsa chiyani? Nambala ya foni ya a dokotala? Mwina adzaimbadi, pakuti nawonso ndi anthu, ali ndi milandu yawo yofuna kuwina.

Taganizani izi. M'boma lomweli, mu 2016 ndi 2017, njovu pafupifupi 500 zinasamutsidwa kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete kupita ku nkhalango ya Nkhotakota. Anazigonetsa ndi mankhwala, kuzinyamula ndi makina, kuziyendetsa pa zimalole mtunda wautali, dziko lonse likuonerera. Zinatheka. Ntchito yabwino, sindikuinyoza. Koma ngati tinatha kunyamula njovu 500, chikutikanika n'chiyani pa mtengo umene suthawa, suluma, sudya chimanga cha munthu, umene ukungofuna kuti tisaubaye?

Popeza ndayamba, mundilole ndipitirire pang'ono, chifukwa misomaliyi ili ndi pochokera. Mbiri ya tauni imeneyi timaifotokoza mwaulesi. Timangoti Livingstone anakumana ndi Jumbe pansi pa mtengo, malonda a akapolo n'kutha. Ine ndemwe ndinaphunzitsapo chonchi pamene belu linali pafupi kulira, ndipo ndikuchita manyazi. Zoona zake n'zakuti Salim bin Abdallah, Jumbe woyamba, anachokera ku gombe la Aswahili n'kukhazikika pamalopa m'zaka za m'ma 1840. Anakhoma zombo za matanga zimene zinkawolotsa anthu ndi minyanga ya njovu kupita kutsidya la kum'mawa kwa nyanja, ndipo kuchokera kumeneko akapolo ankayenda pansi mpaka ku Kilwa. Livingstone anafika m'zaka zoyambirira za m'ma 1860, analankhula, anapita. Zombozo zinapitirizabe kuwoloka kwa zaka pafupifupi 30. Harry Johnston, nthumwi ya boma la Britain, anachita pangano ndi Jumbe wa nthawi imeneyo mu 1889, dziko linalowa m'manja mwa Angerezi mu 1891, ndipo Jumbe womaliza anachotsedwa pampando n'kutumizidwa ku Zanzibar pakati pa zaka za m'ma 1890, nyengo yomwe Mlozi, wogulitsa akapolo wina, anapachikidwa ku Karonga mu 1895. Ndiye mtengowo si chikumbutso cha mzungu wopambana ayi. Ndi mboni ya makolo athu amene anadutsa pamenepo ali m'magoli, kunyanja kuli kutsogolo, kwawo kuli kumbuyo. Mukamuuza mwana kuti ndi mtengo wa mzungu, akhomapo msomali. Mukamuuza kuti pamenepa panadutsa agogo a agogo ake akulira, nyundo imulemera.

Ndipo kodi mbiri ya Nkhotakota ndi mtengo umodzi? Tauni yaing'ono ngati imeneyi mbiri yake simuipeza mu ofesi, mumaipeza pamene anthu amasonkhana. Dzina lokha lakuti Linga, limene eni ake amatchulira kumeneko mpaka lero, likukuuzani kuti panali mpanda wa nkhondo. Pitani ku akasupe otentha a Mawira muone mmene anthu amakumanirana, kusamba, kuchapa, kufunsana za maliro ndi maukwati. Nkhani za tauni zakhala zikudutsa pamenepo kalekale wailesi isanabwere. Pitani ku gombe kumene anthu akhala akudikirira sitima ya Ilala, imene inayamba kuyenda panyanjayi mu 1951, mufunse okalamba kuti tsiku la sitima linkakhala lotani. Pitani ku mzikiti, pakuti Nkhotakota ndi amodzi mwa malo amene Chisilamu chinayambira kuzika mizu m'dziko muno. Pitani ku tchalitchi cha All Saints cha Anglican, cha mishoni imene amishonale a Universities' Mission to Central Africa (UMCA) anatsegula mu 1894, kumene kuli manda a Bishopu Chauncy Maples, amene anamira panyanja mu 1895 asanayambe n'komwe ntchito ya ubishopu wake. Ambiri timadziwa dzinali ngati la sitima chabe. Mzikiti ndi tchalitchi zakhala moyandikana m'tauni imodzi kwa zaka zoposa 100, ana a mbali zonse akusewera mpira umodzi, ndipo palibe amene amaiona ngati nkhani yoyenera kulembedwa.

Ngakhale andale, amene sachedwa kutikumbutsa za ufulu pa nthawi ya kampeni, akanayenera kuchita manyazi. Ku Kota Kota, monga ankalembera masiku amenewo, ndi kumene chipani cha Malawi Congress chinachitira msonkhano wake waukulu mu 1960, miyezi yochepa Dr Kamuzu Banda atatuluka m'ndende ya Gwelo pa 1 Epulo, ndipo ndi pamsonkhano umenewu pamene anapatsidwa utsogoleri wamuyaya wa chipanicho. Umuyaya umene tinadzaumva wa dziko lonse mu 1971 unayambira pamenepo. Kaya mumamukonda Kamuzu kaya simumukonda, zimenezo n'zanu, koma anthu anasonkhana m'tauni imeneyi, pansi pa mitengo yake, n'kupanga chinthu chimene tonse tinakhala nacho kwa zaka zoposa 30. Lero magalimoto a mabwana amangodutsa pa msewu wa M5 mawindo atatseka, kuima pokhapokha akafuna mpunga.

Vutoli si la Nkhotakota yokha, ndipo apa ndiye mtima wanga umawawa. Matauni athu ang'onoang'ono onse akufanana tsopano: mzere wa mashopu opakidwa utoto wa makampani, malo othirira mafuta, malo oonetsera mpira. Kachere amene mafumu ankaweruzira milandu amadulidwa kuti papite kontena. Holo yakale imene makolo athu ankavinira ndi kuchitira misonkhano imasanduka mosungira matumba. Sitolo yakale ya pakhonde lalitali, imene telala ankasokera pomwe abambo akusewera bawo, imagwetsedwa Loweruka, pofika Lolemba palibe akukumbuka kuti inaima pati. Chitukuko chake chimenecho, akutero. Sindikukana kontena, nanenso ndimagula mayunitsi mmenemo. Koma okalamba amene akudziwa chimene chinachitika pa malo amenewa tikuwaika m'manda mmodzimmodzi, ndipo pamaliro timatha maola awiri kutamanda amene wapereka bokosi, osapeza mphindi zisanu zonena zimene malemuwo anaona ndi maso awo. Paja amati mawu a akulu akoma akagonera. Nanga akuluwo akagona osawanena?

Ndabwereranso ku misomali yanga, chifukwa sindinaiiwale. Isanu ndi umodzi, a Mkonzi. Yatsopano, yonyezimira, yogula ndi ndalama. Munthu ameneyu anaika nambala yake ya foni poyera ndi zilembo zikuluzikulu. Sipakufunika kafukufuku, sipakufunika komiti, sipakufunika msonkhano wa masiku atatu ku hotela ya kunyanja wokhala ndi maalawansi. Pakufunika munthu mmodzi waudindo, wokhala ndi mayunitsi a mphindi imodzi.

Pempho langa ndi lachidule, pepala landithera. A Gogo Chalo Malengachanzi ndi mafumu awo, atsogoleri a mzikiti ndi a mipingo, a khonsolo ndi oyang'anira zinthu zakale akhale pansi tsiku limodzi. Paikidwe chikwangwani cha Chichewa, chonena mbiri yonse, ya akapolo yomwe, pa malo alionse amene ndatchula aja, choimika pa chitsulo chake osati chokhoma pa mtengo, chonde. Pa msika pakhale bolodi la zotsatsa kuti a dokotala ndi anzawo azikhoma mmene angafunire. Ana a sekondale, amene mafoni sachoka m'manja mwawo, apatsidwe ntchito ya tchuthi yojambula mawu a agogo awo, zojambulazo zisungidwe ku laibulale. Ndipo anyamata a kabaza aja aphunzitsidwe mbiriyi, azilandirapo kangachepe kwa alendo. Mudzaona ngati wina adzayerekezenso kufika pamenepo ndi nyundo.

Chipepalacho ndinachikanganula ndekha, chili kunyumba kwanga, mwini wake akachifuna alembere kwa inu. Misomali inandikana. Ndinayesa ndi kiyi wa pakhomo mpaka anapindika, ndipo usiku umenewo tinalowa m'nyumba kudzera pawindo.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma pa ntchito