Nyali za galimoto zikutithobwa m'maso usiku

A Mkonzi,

Ndipatseniko mpata ndilankhule ndi anzanga oyendetsa galimoto mu Lusaka muno. Usiku pa Great East Road, ukangodutsa Chelstone kulowera ku Chongwe, madalaivala amangophethirirana nyali, aliyense akuganiza kuti mnzake wakana kuchotsa fulu. Chonsecho ambiri amakhala ali kale pa dimu. Dimu yawoyo ndiyo yaloza kumwamba, eni ake osadziwa.

Nyali sichedwa kusokonekera. Kagundidwe kakang'ono kutsogolo, kapena maenje a nthawi ya mvula, basi yasuntha. Kwina ndi katundu. Noah yodzaza matumba a chimanga kuchokera ku Petauke imatitimira kumbuyo, mphuno n'kudzuka, kuwala konse kumathera m'maso mwa wobwera kutsogolo. Galimoto zambiri zochokera ku Japan zili ndi kagudumu pafupi ndi chiwongolero, kolembedwa manambala oyambira pa 0. Ntchito yake ndi kutsitsa nyali mukasenza katundu, koma ena agulitsa galimoto asanakakhudzepo.

Chomwe chimandiwawa kwambiri ndi mababu a LED omwe anthu akugula n'kulowetsa m'nyali zopangidwira halogen. Babu ya halogen yotchedwa H4 ili ndi tiwaya tiwiri, ka dimu ka mawati 55 ndi ka fulu ka mawati 60, ndipo galasi la m'kati mwa nyali analiumba molingana ndi pomwe tiwayato tili. Mukaikamo babu yowalira pamalo ena, kuwala kumamwazika paliponse. Mwini galimoto amanyadira kuti nyali zake ndi zoyera mbee, pomwe msewu weniweniwo sakuuona bwino, ndipo ife tikuyenda mongopapasa.

Kuwongola nyali sikufuna ndalama zambiri. Madzulo imikani galimoto pamalo osalala, matayala ali ndi mpweya wokwanira, moyang'ana khoma. Yezani kutalika kwa pakati pa nyali kuchokera pansi, mulembe mzere wa msinkhu womwewo pakhomapo ndi choko. Bwererani m'mbuyo mpaka nyali zikhale mamita 10 kuchokera pakhoma, muyatse dimu. Pa galimoto zambiri malire a kuwala ayenera kugwera pafupifupi masentimita 10 kunsi kwa mzere uja. Ndilo tanthauzo la 1% yomwe imadindidwa pa nyali zina, ndipo ngati yanu yalembedwa nambala ina, tsatirani imeneyo. Tsegulani boneti, kuseri kwa nyali kuli masikuluwu, ina yokweza ndi kutsitsa, ina yopititsa kumanja kapena kumanzere. Phimbani nyali imodzi ndi nsalu pamene mukukonza inzake.

Onetsetsaninso maonekedwe a kuwalako. Kuno timayenda kumanzere, choncho malire ake amakwera pang'ono mbali ya kumanzere kuti muone oyenda pansi ndi apanjinga m'mphepete mwa msewu. Akakwera chakumanja, ndiye kuti nyaliyo inapangidwira maiko oyenda kumanja ngati Congo, ndipo sikuluwu singathandize.

Nyali imodzi ikazima, kawirikawiri ndi babu. Dimu zonse ziwiri zikafa koma fulu ikuyaka, musathamangire kugula mababu, yambani mwaona fyuzi, relay (kachipangizo kotsegula ndi kutseka magetsi opita ku nyali) ndi switchi. Nyali yofiirira ngati koloboyi nthawi zambiri imakhala ndi waya wa earth (wolumikiza nyali ku chitsulo cha galimoto) wadzimbiri kapena womasuka. Ndipo babu ya halogen musaigwire pagalasi ndi zala, mafuta a m'manja amaipsereza msanga.

Pempho langa kwa a RTSA, bungwe loona za chitetezo pamsewu, ndi lakuti poyeza fitinesi aziikapo mtima pa komwe nyali yaloza ndi mtundu wa babu yomwe ilimo, poti nyali ikhoza kuyaka bwinobwino koma ikuchititsa ena khungu. Amakaniko nawonso akasintha babu kapena bampala, asamapereke makiyi asanaimike galimotoyo pakhoma.

Dalaivala wa takisi,
Chelstone, Lusaka